Maphunziro oletsa nkhanza m'zibwenzi pasukulu pathu: anati ndi aulere, koma kope langa likunena zina

Ine ndine msungichuma wa komiti ya makolo ndi aphunzitsi pasukulu ina ya sekondale yoyendera kuno ku Mchinji. Udindowu sindinachite kuupempha. Anandisankha chifukwa ndimagulitsa mtedza ndi soya, ndiye anthu anati munthu wozolowera sikelo sangasokoneze manambala. Moti tambala iliyonse imene makolo anasonkha pa maphunziro amene ndikunenawa inadutsa m'manja mwanga, ndipo inalembedwa m'kope langa lachikuto chofiira, lomwe kumbuyo kwake ndimalembako ngongole za makasitomala.

Ndalemba izi chifukwa ndatopa kuyankha mmodzimmodzi. Tsiku la msika anthu a m'makomiti a masukulu ena amandiimitsa: "Mayi, a bungwe aja afikanso kwathu, kodi tiwavomere?" Funso lotere sungaliyankhe uli pakati poyeza mtedza. Dzina la bungwelo sinditchula, la sukulu yathunso ayi, chifukwa mukubweramo nkhani za ana.

Anafika mu Januwale 2024, teremu yachiwiri itangoyamba, mvula ili pakati. A hedi anatiitanitsa ife a komiti pamodzi ndi amayi a gulu lija loyang'anira atsikana pasukulu. Alendo anali awiri, mayi wina wamagalasi ndi mnyamata womunyamulira laputopu. Anati akufuna kuphunzitsa ana athu za chibwenzi chopanda nkhanza, Lachitatu lililonse akaweruka, kwa milungu 8, Fomu 1 mpaka Fomu 3. A Fomu 4 anati asasokonezedwe, akukonzekera mayeso a MSCE. A tcheya athu, omwe ndi mkulu wampingo, sanachedwe. "Ndiye mwabwera kudzaphunzitsa ana athu kupanga zibwenzi?" Mayi uja anavula magalasi n'kunena kuti, "Bambo, zibwenzizo akupanga kale, ndipo sitinawaphunzitse ndife. Ife tikufuna kuti amene akuzunzidwa adziwe kuti akuzunzidwa." A tcheya anayang'ana pansi. Tonse m'chipindamo tinkakumbukira 2020, pamene masukulu anatsekedwa mu Malichi chifukwa cha Covid-19, ndipo potsegulira madesiki ena a atsikana anali mbee. Boma lomwe linalengeza kuti m'miyezi imeneyo atsikana oposa 40,000 anatenga mimba, ndipo maukwati a ana anafika cha m'ma 13,000. Ena mwa iwo ndimawagulitsa mtedza lero, mwana kumbuyo.

Kenako mnyamata wa laputopu ananena mawu amene ndinawalemba pamwamba pa tsamba: "Zonse ndi zaulere." Ndibwereranso pamenepa.

Ndiyambe ndi zimene zinandisangalatsa, chifukwa zilipo ndithu. Lachitatu lachiwiri ndinapita kukasiya choko ndipo ndinaima pakhomo la Fomu 2. Ophunzitsa sanali aja a tsiku loyamba, anatumiza mtsikana wina wazaka za m'ma 20 ndi mnyamata mnzake, ankabwera pa njinga yamoto. Mtsikanayo anauza ana kuti akankhire madesiki kukhoma, n'kujambula mzere wa choko pakati pa kalasi. Anati iye aziwerenga chiganizo, amene akugwirizana nacho apite kudzanja lamanja, amene sakugwirizana nacho kumanzere.

"Mwamuna akamenya mkazi ndiye kuti amamukonda."

Onse thithithi kumanzere, akuseka. Yankho limenelo amalidziwa, lili m'buku la Life Skills, ndipo amalilemba pa mayeso.

"Mnyamata akakugulira foni, ali ndi ufulu woona mauthenga ako."

Apa kuseka kunatha. Anayamba kuyang'anana, kenako mmodzi anasuntha, wina n'kutsatira, mpaka pafupifupi kalasi yonse inali kumanja, atsikana ndi anyamata omwe. Mwana wa mng'ono wanga, amene ndikumulera kuchokera pamene amayi ake anamwalira, anali momwemo. Wophunzitsayo sanakalipe, sanachitenso nkhope yodabwa. Anangoloza mtsikana wina wamtali n'kumufunsa chifukwa chake. Mtsikanayo anati, "Nanga si anagula ndi iyeyo. Mwini foni ndi iyeyo, ine ndimangomusungira." Wophunzitsa anagwedeza mutu n'kufunsa, "Chabwino. Nanga amayi ako akakutumizira uthenga pa foniyo kuti agogo akudwala, uthengawo mwini wake ndani?" Mtsikanayo anatsegula pakamwa, anatsekanso. Anaima kanthawi, kenako anaponda pamzere penipeni, mwendo wina uku wina uku, kalasi yonse n'kufa nako kuseka. Koma anali ataganiza, zimenezo ndinaziona ndi maso anga.

Ndiulule pano: ndikanakhala m'kalasimo, inenso ndikanapita kumanja. Ife tinakula ndi mawu akuti mwamuna wosachita nsanje sakukonda. Kuchinamwali anankungwi anatiuza za kupirira, za kusaulula za m'nyumba, koma palibe anatiuza kuti munthu akhoza kukuzunza osakukhudza ndi chala chomwe. Apa ndi pamene maphunzirowa ali ndi mphamvu. Sanataye nthawi pa zibakera, zomwe aliyense amazidziwa. Anakhalitsa pa nkhanza zija zosasiya chipsera: kukuletsa kucheza ndi anzako, kukufunsa kuti uli kuti kakhumi pa tsiku, kukulanda foni, kukuopseza kuti zithunzi zako aziponya pa gulu la WhatsApp, kukutchula hule ukangopereka moni kwa mnyamata wa m'kalasi mwako. Ana anapatsidwa mayina a zinthu zimene ankazimva mumtima koma osadziwa kuti azitchula chiyani.

Panalinso tsiku limene atsikana anawatengera kubwalo la mpira okhaokha, n'kuwaphunzitsa kuima miyendo itatangadza pang'ono, kuyang'ana munthu m'maso, ndi kukuwa kuti "Ayi!" kuchokera m'mimba. Poyamba ankanong'ona, akubisa nkhope m'manja. Pofika kumapeto anthu a m'madimba apafupi anaimika makasu kuti kusukulu kwagwanji. Madamu athu a Life Skills, amene amawerenga zambiri, anandiuza kuti njira imeneyi si yongopeka. Inayambira ku Nairobi, ndipo kuno kwathu bungwe la Ujamaa Pamodzi linaiyesa m'masukulu a ku Lilongwe, Dedza ndi Salima, ndipo zotsatira zomwe zinatuluka mu 2018 zinaonetsa kuti kugwiriridwa kunachepa pakati pa atsikana amene anaphunzitsidwa. Kumeneko anaphunzitsa kwa milungu ingapo. Kwathu kuno anangolawitsa tsiku limodzi.

Mlungu wachinayi, madzulo, tili pakhonde tikusankha mtedza pa lichero, mwana wanga uja analankhula osandiyang'ana.

"Amayi, munthu akamakuuza kuti ukandisiya ndimwa tameki, imeneyonso ndi nkhanza?"

Lichero linatsala pang'ono kugwa. Mawu oyamba amene anafika pakamwa panga anali akuti, "Iwe, ndiye kuti uli ndi chibwenzi?" Ndinawameza. Ndinawameza chifukwa mlungu wapitawo ife makolo anatiitana kwa ola limodzi ndi theka, kamodzi kokha m'milungu yonse 8, ndipo chimene ndinatolako n'chakuti mwana akabwera ndi nkhani, mawu ako oyamba ndi amene amatsegula kapena kutseka chitseko. Ndiye ndinangoti, "Akunena zimenezo ndani, mwana wanga?" Ndinapitiriza kuchotsa mtedza wowola ngati palibe chachitika, koma manja akunjenjemera.

Anali mnyamata wa Fomu 4. Inde, a Fomu 4 omwe aja anati asasokonezedwe. Anamupatsa kafoni kamabatani kuchiyambi kwa chaka cha sukulu, ndipo kuyambira pamenepo mwanayu sankapuma. Akapita kuchigayo, foni. Akachedwa kuyankha, kumutukwana. Atanena kuti tisiyane, ndiye za tameki zija. Mwana wazaka 15 anasenza moyo wa munthu wina pamutu kwa miyezi, osauza aliyense, akuopa kuti mnyamatayo akafa anthu aziti wapha ndi iyeyo. Ndinawauza Madamu, Madamu anaitana atsibweni ake a mnyamatayo, kafoni kaja kanabwezedwa pamaso pa akuluakulu, ndipo atsibweniwo anapemphedwa kuti amuyang'anire mphwawo, poti mawu otere sasekedwa ngakhale akunenedwa pofuna kuopseza. Mnyamatayo ali moyo, analemba mayeso ake. Zimenezi zokha kwa ine zinabweza K1,000 imene ndinasonkha pa maphunzirowa kambirimbiri.

Tsono tibwere ku zimene sizinayende.

Choyamba ndi chimenecho cha Fomu 4. Aliyense amene anakhalako pasukulu yoyendera amadziwa kuti anyamata a Fomu 4 ndi amene amazungulira atsikana a Fomu 1 ndi 2. Kuwasiya kunja kunali ngati kupopera mankhwala munda wonse n'kusiya mzere umene mbozi zayambira.

Chachiwiri, mbali ya anyamata inali yofooka, ndipo ndikunena mosabisa. Mnyamata wophunzitsa uja anali waulemu, koma ankawerenga m'buku, kusakaniza Chingerezi chambiri, ndipo ankalankhula nawo ngati onse ndi opalamula amene akudikira chigamulo. Anyamata akaona choncho amatseka makutu. Tsiku lina anawerenga kuti kafukufuku wa dziko lonse wa 2013 anapeza kuti mtsikana mmodzi mwa asanu alionse anachitiridwapo nkhanza zogonana asanafike zaka 18, ndipo kwa anyamata ndi mmodzi mwa asanu ndi awiri alionse. Kalasi inati zii, kwa nthawi yoyamba. Pamenepo panali poti aime, awafunse, awapatse mpata. Iye anangotembenuza tsamba.

Ndipo tsiku lina mnyamata wina wa Fomu 3, amene amachita ganyu yosenza matumba pamsika pathu, anakweza dzanja. "Sala, ine ndikagula sopo, mafuta odzola ndi mayunitsi kwa miyezi isanu, kenako andikane, ndalama zanga abweza ndani?" Anzake anaombera m'manja. Wophunzitsa anaseka nawo n'kunena kuti chikondi sichigulidwa, basi n'kupitiriza. Koma funso lija ndi limene linali phata la nkhani yonse. Mnyamata amene akuganiza kuti anagula ndi amene mawa adzati alande katundu wake mokakamiza. Funso limenelo linkafunika Lachitatu lathunthu. Linapatsidwa theka la mphindi.

Chachitatu ndi chimene chimandiwawa kwambiri. Zithunzi zonse za m'buku lawo zikuonetsa mnyamata ndi mtsikana, onse mu yunifolomu, ngati kuti vuto lathu lili pakati pa ana okhaokha. Kuno ku Mchinji tili pamsewu wa kumalire a Mwami. Pali oyendetsa malole, pali osintha ndalama, pali a kabaza, ndipo ikafika Epulo mavenda a soya amamanga masikelo pansi pa mtengo uliwonse, matumba odzaza ndalama. Ndikuwadziwa, ena ndimagwira nawo ntchito. Ndiye pali atsikana athu a selefu, aja ochokera kutali amene amachita lendi timanyumba kuseri kwa msika, awiri kapena atatu m'chipinda chimodzi, opanda wamkulu wowayang'anira. Mu Febuluwale ufa ukatha, ndipo kwawo kulibenso choti atumize, mtsikana wotere amadziwa bwinobwino kuti bambo amene akumupatsa K5,000 samukonda. Sakufunika mzere wa choko kuti azindikire zimenezo. Akufunika ufa. Za achidyamakanda bukulo linali ndi tsamba limodzi, ndipo za aphunzitsi ofunsira ana asukulu linangodutsa ngati likuponda pamoto. Sindikunena kuti bungwe lingathetse njala. Koma wobwera kudzaphunzitsa za nkhanza m'zibwenzi kudera ngati lathu, n'kusatchula ndalama, wasiya nkhani pakati.

Malamulo anawaphunzitsa bwino, moti ana anakopera m'makope ngati za mayeso: lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja la 2006, lamulo la ukwati la 2015 lomwe linaika zaka 18, kusintha kwa malamulo aakulu a dziko mu 2017 komwe kunatseka mpata woti makolo azivomereza ukwati wa mwana wosakwana zakazo, ndi ndondomeko yolola mtsikana kubwerera kusukulu akabereka, yomwe ilipo kuyambira 1993. Mayi wina wa gulu la amayi anandinong'oneza kuti, "Lamulo lili ku Lilongwe, mbuzi ili m'khola." Ndinaseka, koma patangopita milungu iwiri ndinaona chimene ankatanthauza.

Tsono tiyeni ku kope lofiira.

Zoona, bungwe silinatilipiritse. Linalipira ophunzitsa ake, mafuta a njinga, mabuku, ndi mwambo wotsegulira. Koma mlungu woyamba womwe anatiuza kuti, monga mwa chizolowezi, anthu a m'dera aonetse kuti ntchitoyi ndi yawo. Anafotokozanso kuti bajeti yawo inalembedwa kwacha isanagwe ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, moti ndalama zinafota zili m'manja, ndipo milungu imene inayenera kukhala 12 inadulidwa kufika pa 8. Zimenezo ndinazimvetsa, chifukwa nanenso matumba opanda kanthu ndinkawagula mtengo wina mwezi uno, wina mwezi wamawa. Komiti inagwirizana kuti kholo lililonse lisonkhe K1,000 pa mwana. Ana anali 186. Amene anakwanitsa ndi 121. Mu Januwale, kuno, K1,000 si yamasewera. Ndiye m'manja mwanga munalowa K121,000.

Ndalama yaikulu koposa, K46,000, inapita tsiku limodzi lokha, la mwambo wotsegulira. Nkhuku zinayi, mpunga, mafuta ophikira, nkhuni, zonse za alendo olemekezeka. Bungwe nalo linabweretsa tenti, zokuzira mawu, chinsalu cholembedwa dzina lawo, matisheti, ndi envelopu ya alawansi kwa aliyense wokhala pampando wa kutsogolo. Pepala losainira linadutsa pamaso panga chifukwa nanenso anandiika pamndandanda, ndipo sindinama, ndinasaina n'kulandira. Koma ndikamawerengera mwa chizolowezi changa cha pamsika, zimene zinadyedwa ndi kugawidwa tsiku limenelo zikanalipira milungu inayi imene inadulidwa ija. Ana anavina, anachita sewero, anaimba ndakatulo, alendo anadya, ana anabwerera kwawo ndi njala. Matisheti aja lero akuvala ndi azibambo m'madimba, kumsana kutalembedwa kuti nkhanza ayi.

Mabuku anasiya awiri okha, limodzi la a hedi, lina la Madamu. Kuti ana akhale ndi kena kogwira m'manja tinachita fotokope masamba ofunika, K17,500, kuphatikiza ulendo wa kumene kuli magetsi. Kenako tinaona kuti ana akuthawa. Mlungu woyamba makalasi anadzaza, wachitatu theka linali litapita. Sikuti maphunziro anali oipa. Mwana amene wachoka kunyumba mbandakucha ndi madzi okha m'mimba, ndipo ali ndi ulendo wa ola ndi theka wapansi, mitambo itada, sungamuuze kuti akhale mpaka 4 koloko. Amayi a gulu lija anati tiphike phala. Ufa anasonkha makolo amene anali nawo, ife tinagula shuga ndi mchere, K31,000 kwa milungu isanu yotsalayo. Ana anabwerera. Ngati mukufuna kudziwa chimene chinasunga maphunzirowa, ndi phala, ndipo mu bajeti ya bungwe munalibe.

Ndalama yomaliza ndi imene ndikufuna makomiti anzanga amvetsetse. Mlungu wachisanu, atsikana atakuwa "Ayi" kubwalo kuja, mmodzi anatsalira. Anadikira anzake apite n'kuuza Madamu zimene bambo wina wa pamsika wakhala akumuchita kuchokera teremu yoyamba. Zambiri sindinena. Maphunziro anagwira ntchito yake, mwana anayankhula. Kenako? Ophunzitsa anali atalemba pabolodi nambala yaulere ya 116, ya ana ofuna thandizo, ndipo n'zoona kuti imagwira. Koma mwanayo analibe foni, ndipo kwawo, kufupi ndi malire, foni imakonda kukoka netiweki ya ku Zambia. Ankafunika kupita kuchipatala msanga, ndiponso kupolisi ku ofesi yothandiza ozunzidwa ya Victim Support Unit. Kabaza kupita ndi kubwera, anthu awiri chifukwa mwana sapita yekha, maulendo atatu, ndi kachakudya panjira: K22,000. Ndinawaimbira a bungwe. Anandiyankha mwaulemu kuti zimenezo zilibe mzere mu bajeti, ntchito yawo ndi yopewa, osati yothandiza amene zawachitikira kale. Ndinakhala pansi. Iwe wauza mwana kuti ayankhule, wayankhula, ndiye ukuti kuyankhulako kulibe mzere?

Ndinatulutsa m'kope. A tcheya anadandaula kuti ndalamazo sitinasonkhere zimenezo, ndipo mwa malamulo a komiti ankanena zoona. Kumudzi nako kunali nkhondo ina. Achibale a bambo uja anafika kwa makolo a mtsikanayo usiku ndi mawu oti tikambirane pachibale, nkhani ithere kwa a nyakwawa, mbuzi ilipo. Makolowo, anthu osauka, anatsala pang'ono kuvomera. Amene anakana ndi amayi atatu a gulu lija, amene anakakhala pakhomopo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, osalandira kanthu, ataleka minda yawo nthawi yobandira. Mmodzi anawakumbutsa a nyakwawa kuti ku Dedza Inkosi Kachindamoto inachita kuimitsa mafumu paudindo chifukwa cholekerera maukwati a ana. Nkhaniyo inapita kumene inayenera kupita. Mtsikanayo akadali pasukulu.

Mukaphatikiza zonse ndi K116,500. Inatsala K4,500, ndipo ilipo. Koma nambala imeneyo ndi yonama pang'ono, chifukwa simunalowe masiku a amayi aja, simunalowe ufa, simunalowe maola a Madamu amene ankatsala Lachitatu lililonse popanda alawansi pamene alendo ankalandira, ndiponso anali iwo amene ana ankawagogodera pakhomo Loweruka. Anthu a bungwe akamawerengetsa mtengo wa maphunziro otere amagawa ndalama zawo ndi chiwerengero cha ana, n'kupeza kanambala kooneka bwino. Mtengo weniweni unagwera amayi amene sanasaine pepala lililonse.

Mlungu wa 8 utatha anajambula zithunzi, anagawira ana mapepala a mafunso, anatsanzika. Kuyambira pamenepo anaimbapo foni kamodzi, kufunsa ngati tili ndi nkhani yabwino yoti aike mu lipoti.

Madamu sanasiye. Lachitatu lililonse amasonkhanitsabe amene akufuna, ana pafupifupi 30, ambiri atsikana, ndi buku lawo limodzi lija lomwe chikuto chinachoka kale. Ndi iwo amene anandiuza za ku Canada, m'chigawo cha Ontario, kumene kuli maphunziro otchedwa Fourth R. Kumeneko sanatumize alendo. Anaphunzitsa aphunzitsi a pasukulu pomwepo, n'kuika maphunziro 21 mkati mwa phunziro la zaumoyo, m'nthawi ya kalasi, osati ana ataweruka. Ofufuza atabwerera patapita zaka ziwiri ndi theka anapeza kuti kumenyana m'zibwenzi kunali kochepa kwa amene anaphunzira, makamaka kwa anyamata, ndipo kuphunzitsa aphunzitsi ndi kugula zipangizo kunatenga madola 16 a ku Canada pa mwana aliyense. Ndalama imeneyo kwa ife ndi yambiri, ndipo Ontario si Mchinji, kumeneko mwana sakhala m'kalasi ndi njala ya Febuluwale. Koma nzeru yake ndaigwira, chifukwa ndi ya pamsika: ngati ukufuna katundu azipezeka chaka chonse, usadalire venda wobwera nyengo yokolola. Phunziro la Life Skills tili nalo kale pa tebulo la maphunziro. Mphunzitsi tili naye kale, boma likumulipira. Chosowa ndi kumuphunzitsa kajambulidwe ka mzere uja ndi kafunsidwe kaja kosakalipa, ndi kumupezera mnzake wamwamuna amene angathe kukhala pansi ndi anyamata n'kuyankha funso la sopo ndi mayunitsi.

Ndiye amene mumandifunsa pamsika, yankho langa ndi ili: avomereni. Zimene amaphunzitsa atsikana ndi zabwino, ndipo mwana wanga akugona tulo chifukwa cha zimenezo. Koma musavomere tsiku lomwelo, ndipo musachite manyazi kufunsa za ndalama ngati mmene ife tinachitira. Afunseni kuti mwana akaulula, wolipira kabaza ndani, ndipo yankho lilembedwe. Auzeni kuti a Fomu 4 alowe nawo, ngakhale kwa milungu itatu yokha. Auzeni kuti mwambo wotsegulira simukuufuna, a hedi akhoza kulengeza pa asembule kwaulere, ndalama ya tenti ipite ku phala ndi mabuku. Aphunzitsi anu awiri, wamkazi ndi wamwamuna, aphunzitsidwe mokwanira asanachoke alendowo, awiri chifukwa mmodzi akhoza kusamutsidwa mawa, ndipo zimenezo n'zimene ndimaopa ndikaona a hedi akutsegula kalata yochokera ku boma. Akakana zonsezi, avomerenibe, koma yambani kusonkha msanga, mu Meyi kapena Juni anthu akadali ndi ndalama za soya, osati mu Januwale.

Ine pamsonkhano wa komiti ukubwerawu ndikupempha kuti pa teremu iliyonse tizipatula K200 pa mwana, ikhale m'envelopu yakeyake, ya kabaza basi, ndipo K4,500 yotsala ija ikhale yoyambira. A tcheya andiuza kale kuti sizitheka denga la chimbudzi cha atsikana lisanakonzedwe, ndipo dengalo likudonthadi. Amayi atatu aja ati abwera, ngakhale si a m'komiti, adzakhala panja pawindo. Msonkhano uli Lachisanu, 2 koloko, ndipo kope ndalikonza kale.